Seva yaikulu ya PostgreSQL ikagwa, ina ilowe bwanji osasokoneza data

Kukopera data kuchoka pa seva imodzi kupita pa inzake sikovuta kwenikweni, pulogalamu ya database ya PostgreSQL inabwera ndi njira yokopera yotchedwa streaming replication kale mu 2010 pa version 9.0. Povuta mpoti seva yaikulu ija timati primary ikagwa ilowe m'malo ndi iti, komanso yakaleyo ikadzuka isamadzione ngati ikadali bwana. Tiyambe ndi zophwekazo.

Chilichonse chomwe primary yasintha imayamba yalemba kaye mu WAL, kaundula wa zosintha zonse, ndiye standby, seva yodikira kulowa m'malo, ntchito yake ndi kulandira WAL imeneyo n'kumabwereza zomwezo kwake. Pa primary pangani user wa REPLICATION, mumutsegulire mu pg_hba.conf, fayilo yonena amene aloledwa kulumikiza, kuchokera pa IP ya standby yokha basi, osati dziko lonse. wal_level kuyambira version 10 imabwera ili kale pa replica, isiyeni. Kenako pa standby, data directory ikhale yopanda kanthu, yendetsani pg_basebackup, yokopera data yonse ya primary, muikepo -R. Ka -R kameneka ndi komwe kamakulemberani standby.signal ndi primary_conninfo, ndipo wina akamakuuzani za recovery.conf dziwani kuti fayilo imeneyo inatha ntchito pa version 12. Yatsani standby, mubwerere pa primary muyang'ane pg_stat_replication, mukaona mzere wolembedwa streaming ndiye kuti zatheka.

Gwiritsani replication slot kuti primary isafufute WAL yomwe standby sinalandire, koma samalani nayo, standby ikafa kwa masiku primary imangosungabe WAL mpaka disiki kudzaza n'kuima yokha. Ikani malire ndi max_slot_wal_keep_size, inabwera pa version 13.

Chinanso, replication mukangoisiya mmene yabwerera imakhala asynchronous, kutanthauza kuti primary imauza app kuti zasungidwa standby isanalandire. Primary ikagwa nthawi yomweyo, zomaliza zija zapita. Ngati ndi nkhani ya ndalama ikani synchronous_standby_names kuti primary izidikira standby ilandire kaye, koma mukhale ndi ma standby awiri, chifukwa ikakhala imodzi n'kufa ma commit onse amangoima kudikira.

Tsopano failover, kukweza standby kuti ikhale primary. Pamanja ndi pg_ctl promote kapena pg_promote() pa standby, sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Koma musanatero tsimikizani kuti primary yakale yazimadi, chifukwa nthawi zambiri simakhala itafa, imakhala ndi network yomwe yaduka kaye ndipo iyo ikulandirabe data kwinaku. Mukakweza inzake ndiye muli ndi ma primary awiri, ndi zija amati split-brain, ndipo atambala awiri salira m'khola limodzi. A GitHub mu October 2018 network inawadukira masekondi 43 okha, failover ya MySQL yawo inayenda yokha, data n'kusiyana mbali ziwirizo, zinawatengera maola opitirira 24 kuti zonse zibwerere m'chimake.

Pachifukwa ichi ine sindikonda ma script odzipangira oti ping ikalephera kwezani standby. Ikani Patroni, pulogalamu yoyendetsa failover yokha, inapangidwa ndi kampani ya Zalando ndipo ndi yaulere. Imasunga kiyi ya mtsogoleri mu etcd, ka database kapadera komwe maseva onse amayang'anako, primary imayenera kumaikonzanso kiyiyo pafupipafupi, ikalephera mpaka ttl kutha, nthawi ya moyo wa kiyiyo yomwe imabwera ili pa masekondi 30, ma standby amapikisana ndipo yomwe ili patsogolo pa WAL ndi imene imatenga. Chabwino chake mchoti primary ikaona kuti etcd sikuifikanso imadzitsitsa yokha n'kusiya kulandira zolemba. Yatsaninso watchdog kuti Patroni ikaima osayankha seva idziyambitsenso yokha. etcd yo ikhale pa maseva atatu, awiri akagwirizana ndiye chisankho chapita, pa maseva awiri palibe chomwe mwapanga. Ndipo atatuwo asakhale pa rack imodzi ndi UPS imodzi, magetsi akazima onse agwera limodzi.

App isamadziwe IP ya primary. Ikani HAProxy, pulogalamu yolondolera ma connection, kutsogolo izifunsa Patroni pa port 8008 pa /primary, seva yomwe yayankha 200, kutanthauza kuti ndiyo primary, ndi imene izilandira ma connection a pa port 5432. App yo ingodziwa kulumikizanso ikaduka.

Primary yakale ikabwerera simungangoilowetsa choncho, mbiri yake inapatukana ndi yatsopano. pg_rewind ndi imene imaibweza pamphambano paja kuti ikhale standby, koma imafuna wal_log_hints ikhale on kapena data checksums, ndiye ziyatseni lero zinthu zili bwino, mu Patroni muikenso use_pg_rewind.

Backup musasiye, wina akalemba DROP TABLE molakwitsa standby imamvera pompo, pgBackRest, pulogalamu ya backup, ikhalepo payokha. Zonse zikakhala m'malo yesani masana anthu ali maso: patronictl switchover kaye, kusinthitsa primary mwadala, zikayenda zulani waya wa network pa primary, muwerenge masekondi omwe app yaima, kenako bwezerani wayawo muone pa patronictl list ngati yakale ija yabwerera ngati replica.