Momwe mungafesere mfula kuno ku Johannesburg osadalira mtengo umodzi

Mfula ndi mtengo wa kotentha. Kumpoto kwa mapiri a Magaliesberg, cha ku Hammanskraal mpaka Bela-Bela, umamera wokha, pomwe Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimawaula mbande. Popeza nyengo ikunka itentha, enafe a m'magadeni tayamba kuuyesa.

Ntchito yaikulu ili pa kutola njere. Zipatso zimagwa kuyambira Januwale mpaka Malichi. Tolani pansi pa mitengo 20 kapena kuposerapo, yotalikirana mamita ngati 100, pang'onopang'ono paliponse, chifukwa mitengo yoyandikana kawirikawiri imakhala pachibale. Mtengo ukamafalikira kudera lachilendo umayambira pa njere za makolo ochepa, ndiye ana onse amatengera zofooka zofanana. Makolo akachuluka, pagulupo pamapezeka wopirira chisanu, wina chilala, wina tizilombo.

Ine zinandipweteka pamenepa. Ndinagula thumba la njere kwa munthu wina wogulitsa pamsewu, yemwe analumbira kuti ndi zosakaniza. Zinamera bwino ndithu, zofanana msinkhu ngati ana a sukulu pamzere. Chisanu chitagwa, m'mawa umodzi wokha zonse zinada n'kufota, osatsalako ndi imodzi yomwe. Ndinadzamva kuti anazitola pansi pa mtengo umodzi kwawo ku Lowveld, chigwa chotentha cha kum'mawa kwa dziko lino, kumene chisanu sichifika kawirikawiri. Wogulitsa akamazemba kukuuzani dera ndi kuchuluka kwa mitengo yomwe anatolako, musiyeni ngakhale atchipitse bwanji. Konderani mitengo ya chakummwera, kufupi ndi Magaliesberg, yomwe idalawako kale kuzizira, ndipo thumba lililonse mulembepo kumene lachokera.

Mfula ndi wotetezedwa ndi lamulo la National Forests Act la 1998, choncho musadule nthambi kapena kuzula, ndipo musanatole zipatso muyambe mwapempha mwini malo.

Zotsalazi n'zodziwika. Chotsani mnofu, yanikani pamthunzi, tomolani tizivindikiro ta pa nthangala ndi nsonga ya mpeni. Fesani mu Okutobala mumchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa. Machubu a ku nazale ndi odula, makatoni a mkaka oboola pansi amagwira ntchito yomweyo. Okani pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, muzifunditsa masaka usiku m'nyengo yozizira. Sungani mbande zambiri, chifukwa mfula uli ndi waumuna ndi waukazi, ndipo simungausiyanitse usanachite maluwa.