Musanagule madisiki a SAS a seva ya kunyumba

Madisiki a SAS (mtundu wa madisiki opangidwira maseva a makampani) ogwiritsidwa kale ntchito amapezeka motchipa chifukwa makampani amawachotsa m'maseva awo akadali ndi moyo. Koma musathamange. Disiki ya SAS singalowe pa doko la SATA (polumikizira madisiki a kompyuta wamba) la pa motherboard, ngakhale mutakankha bwanji. Khadi la SAS limatha kuyendetsa madisiki a SATA, koma SATA siyendetsa SAS.

Choncho yambani mwagula khadi la SAS lotchedwa HBA, lolumikizira madisiki ku kompyuta. LSI 9211-8i, ya 6 Gb/s, ikukwanira pa madisiki ozungulira. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yosamalira madisiki monga ZFS kapena TrueNAS, onetsetsani kuti khadilo lili mu IT mode, kuti pulogalamuyo iziona disiki iliyonse payokha. Chingwe chake ndi SFF-8087 kupita ku SFF-8482, pokhapokha bokosi lanu lili ndi backplane (bolodi lomwe madisiki amalowapo mwachindunji).

Khadili limatentha kwambiri. Linapangidwira maseva omwe mphepo imawomba mosalekeza, ndiye mu bokosi wamba limangirireni fani yaing'ono pamwamba pake.

Madisiki a 15,000 rpm (ozungulira ka 15,000 pa mphindi) musiyane nawo. Phokoso, kutentha, magetsi, chonsecho malo ochepa. Posungira zithunzi ndi mafilimu, a 7,200 rpm ndi okwanira.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: madisiki ena ochokera m'makampani amabwera ndi masekita (tizigawo tosungira deta) a mabaiti 520 m'malo mwa 512, ndipo kompyuta imawakana. Sanafe ayi. Lamulo la sg_format pa Linux limawakonza, kungoti pa disiki yaikulu zimatenga maola ambiri, ndipo musazimitse kompyuta pakati. Mukatha, onani ndi pulogalamu ya smartctl kuchuluka kwa malo owonongeka musanaikepo kalikonse.