Kampeni kanga kam'thumba kanauma, ndakakonza chonchi

Ndili ndi kampeni kopinda ka Victorinox Classic SD, kotalika mamilimita 58 kakapindidwa. Ndinakasankha chifukwa kamakhala pamodzi ndi makiyi ndipo sikamveka kulemera m'thumba. Patapita miyezi kanayamba kuuma. Kutulutsa mpeni wake kunkafuna mphamvu, tsiku lina mpaka chikhadabo chinathyoka.

Poyamba ndinadonthezapo mafuta ophikira. Kanafewa masiku awiri, kenako kanamata kuposa kale, poti mafuta amenewa amalimba n'kumagwira fumbi. Kukakamiza ndi pulayala kunangokanda chitsulo.

Nditakayang'anitsitsa powala bwino ndinaona vuto: ulusi wa m'thumba unali utadzadza m'mipata, utaumbana ngati phula. Ndinathira madzi ofunda m'kapu ndi sopo wotsukira mbale pang'ono, n'kumiza kampeniko. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kungoviika sikuthandiza. Ndinkatsegula ndi kutseka mpeni wake, sizasi yake ndi fayilo yake yopalira zikhadabo kali m'madzi momwemo, kambirimbiri, mpaka timadontho takuda tinayamba kuyandama. Zotsalira ndinazichotsa ndi mswachi wakale komanso kamtengo kotokosera m'mano.

Nditatsukuluza, ndinakapukuta n'kukasiya kotsegula usiku wonse, chifukwa madzi otsalira mkati amayambitsa dzimbiri. M'mawa ndinaika dontho limodzi lokha la mafuta a makina osokera polumikizira paliponse, n'kupukuta otuluka. Ngati kampeni kanu mumasendera zipatso, gwiritsani ntchito mafuta a mineral (mafuta oyera opanda fungo) a mtundu womwe suopsa pachakudya.

Pano kamatseguka ndi chikhadabo mosavuta, ndipo ndimakaika m'thumba lopanda ulusi wambiri.