Waya wa lamya ukutha: momwe mungasankhire intaneti ya pakhomo kapena ya pa ofesi kuno ku Dedza

Mukamayenda pa boma la Dedza kwezani maso muone mapolo akale a lamya. Ena akadali ndi waya wolendewera, koma wambiri unasiya kalekale kunyamula mawu. M'maofesi ena foni ya nambala yoyamba ndi 01 ikadalipo, yofunditsidwa kansalu pakona. Nthambo zamkuwa zimenezi ndi zomwe kampani ya lamya ya MTL inkafikitsira lamya m'nyumba ndi m'maofesi, kenaka ndi intaneti ya ADSL yomwe. Akuba anazikonda chifukwa mkuwa uli ndi msika kwa ogula zitsulo, ndipo anthu atagwira mafoni a m'manja panalibenso wolira nazo. Si kuno kokha ayi. Ku Britain akonza zoti pofika Januwale 2027 akhale atazimitsiratu lamya zakale zodalira mkuwa.

Ine ndili ndi kashopu kotayipa ndi kufotokopa, ndipo posamuka pa waya ndinagwa m'mbuna. Wogulitsa wa kampani ina anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, anaika rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, pakhonde, nkundionetsa manambala pa foni yake. "Achimwene, apa ndiye ikuuluka," anatero. Ndinasaina miyezi 12 pomwepo. Kufika madzulo, rauta ili mkati kuseri kwa khoma, kalata imodzi ya kasitomala inakana kupita mpaka mwini wake ananyamuka. Ndinalipira chaka chonse chinthu chogwira ntchito masana okha. Ndiye zomwe ndikulemba pano ndi za munthu amene analumidwapo.

1. Onani kaye zomwe zikudalira waya wakale

Mwina si foni yokha. Pakhoza kukhala fakisi, alamu, kapena makina olipirira ndi khadi. Onaninso pomwe nambala ya 01 ija inalembedwa: pa chikwangwani, pa malisiti, pa chidindo. Ngati makasitomala amakudziwani ndi nambala imeneyo, funsani ku kampani ngati ingasamukire pa njira yatsopano, ndipo yankho akupatseni polemba.

2. Werengani mmene mumadyera data

Pa foni iliyonse pali posonyeza data yomwe mwagwiritsa ntchito pa mwezi. Tengani mafoni onse a m'nyumba kapena a mu ofesi, lembani manambalawo, wonkhetsani, nkuonjezerapo ya makompyuta. Mudzadabwa kuona amene amadya kwambiri. Kawirikawiri sakhala bwana.

Mauthenga a WhatsApp ndi makalata sizidya zambiri. Chimene chimamaliza bandulo ndi kanema. Ola limodzi la kanema wooneka bwino pang'ono limadya pafupifupi 1 GB, ndipo wowala kwambiri uja, wa HD, amatha kufika 3 GB pa ola. Kompyuta ya Windows nayo imadzikonza yokha mwakachetechete, nkumeza ma GB angapo inu muli mtulo.

Pali manambala awiri amene ogulitsa amakonda kuwasakaniza. Ganizirani za pa kiyosiki ya madzi. Mbps ndi kukula kwa mpope, GB ndi kuchuluka kwa ndowa zomwe mwalipira. Mpope waukulu umadzaza ndowa msanga, koma suonjezera ndowa. Dziwaninso kuti 8 Mbps imabweretsa 1 MB yokha pa sekondi, choncho musayembekezere kuti fayilo ya 100 MB ifika m'kuphethira kwa diso. Ndipo ngati ntchito yanu ndi yotumiza zinthu, monga malipoti a kusukulu, zithunzi kapena misonkhano ya pa Zoom, funsani liwiro lotumizira. Pa chikwangwani amalemba lolandirira chifukwa ndilo lalikulu.

3. Dziwani njira zomwe zilipo

Yofala kwambiri ndi rauta kapena MiFi (karauta kakang'ono koyenda nako) ya simu khadi ya Airtel kapena TNM, yodalira 4G. Mumagula lero, lero lomwe nkuyamba kugwira ntchito. Musaiwale chiphaso cha unzika, poti kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa. Vuto lake nlakuti nsanja imodzi mumagawana ndi mudzi wonse. Za 5G musathamangire. TNM inayamba kuiyesa mu 2023 ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye musalipire ndalama zambiri pa rauta ya 5G musanaione ikugwira pakhomo panu penipeni.

Yachiwiri ndi faiba, ulusi wagalasi wonyamula uthenga ndi kuwala. Ndiyo mlowam'malo weniweni wa mkuwa: siichita dzimbiri, siinyamula mphenzi, ndipo liwiro silitsika madzulo ngati mmene imachitira 4G. ESCOM ili ndi faiba yoyenda pamodzi ndi nthambo zake zamagetsi, Open Connect Limited nayo ili ndi yake yolumikiza mizinda. Koma kuti nthambo ikudutsa m'boma mwanu sizitanthauza kuti ifika pakhomo. Kuikoka kuchokera pomwe ili mpaka pa inu ndiye pamene pagona ndalama, ndipo mtunda ukatalika mtengo umakwera. Kwa ofesi, sukulu kapena malo ogona alendo apafupi ndi msewu waukulu, nkoyenera kufunsa mtengo. Kwa wa ku Lobi kapena ku Kasumbu, pitani pa njira zinazi.

Makampani ena amaika kadishi padenga koloza nsanja yawo. Kamagwira bwino pokhapokha ngati pakati palibe chotchinga, ndipo kuno kwathu chotchinga ndiye sichisowa.

Yomaliza ndi Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julaye 2023. Iyi siisamala za nsanja, imalankhula ndi masetilaiti mwachindunji, ndiye imagwira ngakhale ku chigwa kumene foni imangolemba kuti palibe netiweki. Zida mumagula nokha poyamba, ndipo si zotchipa, kenaka mumalipira mwezi ndi mwezi. Dishi yake imafuna kumwamba koyera. Ngati nyumba yanu ili m'munsi mwa mapaini, dziwani kuti izidukaduka. Mvula yamphamvu nayo imaifooketsa kwa kanthawi. Ndaonapo anthu akusonkherana ndi oyandikana nawo kuti mtolo upepuke, koma kugulitsa intaneti ngati bizinesi ndi nkhani ina, imafuna laisensi ya MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti.

4. Yesani pamalo penipenipo, usiku womwe

Apa ndi pomwe ine ndinapunthwa, ndiye ndichedwapo.

Dedza ndi dziko la mapiri. Phiri la Dedza lokha limapitirira mamita 2,000, ndipo timapiri tina tangoti mbwee kuchokera ku Chongoni mpaka ku Bembeke. Netiweki imene ikuuluka kwa mnzanu wa kutsidya kwa msewu ikhoza kukhala yakufa kwa inu. Musamvere za m'maluwa. Bwerekani MiFi kapena rauta kwa mnzanu, kapena gulani simu makhadi awiri, ya Airtel ndi ya TNM, muike kabandulo kakang'ono pa iliyonse.

Tsekulani fast.com kapena Speedtest, zoyezera liwiro la intaneti, muyese katatu pa tsiku: m'mawa, masana, ndi pakati pa 7 ndi 9 koloko usiku pamene aliyense ali pa TikTok ndi pa Facebook. Chitani zimenezi masiku atatu kapena anayi, limodzi likhale Loweruka kapena tsiku la msika. Lembani manambala m'kope. Nambala yeniyeni ya netiweki yanu ndi yotsikitsitsa ija, osati yokwera imene wogulitsa angakuonetseni.

Yesani muli pomwe rauta idzakhale, zitseko zili zotseka. Khoma la njerwa zootcha ndi denga la malata zimadya netiweki kwambiri. Yendani nayo nyumba yonse. Nthawi zambiri malo abwino amakhala pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, pamwamba, osati pansi pa tebulo kapena kuseri kwa TV. Kwanga kusuntha rauta kuchoka pa shelefu kupita pawindo la kumbuyo kunasintha zinthu kuposa bandulo ina iliyonse yomwe ndinagulapo. Ngati panja ikugwira koma mkati ayi, funsani rauta yokhala ndi polumikizira eriyo yakunja, muimike pa mtengo ngati ya wayilesi.

Tsiku lina magetsi akathima, yesaninso. Nsanja zina zimakhala ndi mabatire kapena jenereta zolimba, zina zimagona limodzi ndi magetsiwo.

A m'malire muli ndi vuto lanulanu. Kuchokera ku Dedza kulowera ku Lizulu mpaka ku Biriwiri, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni ndi Mozambique, ndipo foni imatha kudumphira pa Vodacom kapena Movitel inu osadziwa. Lowani posankhira netiweki, musankhe nokha ya kuno, ndipo zimitsani roaming, yomwe imalola foni kugwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina. Apo ayi mayunitsi adzathera kutsidya inu muli pakhonde panu.

5. Werengani mgwirizano musanagwire cholembera

Bandulo ya pamwezi yolipiriratu pa Airtel Money kapena Mpamba siikumangani. Ikakukanikani mumangosiya. Mgwirizano wa miyezi 12 kapena 24 ndiye goli, ndipo pepala lake mupite nalo kunyumba mukaliwerenge mutakhala pansi. Wogulitsa akamati "sainani pompano, mtengowu ukutha lero", dziwani kuti ali ndi chomwe akuthamangira.

Mawu oti "yopanda malire" muwakayikire. Pafupifupi mabandulo onse otere amakhala ndi mlingo wobisika: mukafika ma GB akutiakuti liwiro amalitsitsa mpaka kumakwawa. Funsani kuti mlingowo ndi ma GB angati, ndi wa pa tsiku kapena wa pa mwezi, ndipo mukaudutsa liwiro limatsala bwanji. Chimodzimodzi mawu oti "mpaka 20 Mbps". Ngakhale 2 ali mkati mwa "mpaka 20". Afunseni liwiro lotsikitsitsa lomwe angalonjeze polemba.

Kenaka mtengo. Tonse tikukumbuka kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati mgwirizano walembedwa m'madola, kapena ukunena kuti kampani ikhoza kukweza mtengo nthawi ina iliyonse, ndiye kuti inu mwamangidwa koma iwo ali omasuka. Pemphani kuti palembedwe zoti mtengo ukakwera muli ndi ufulu wochoka osalipira chindapusa. Funsaninso ngati msonkho uli kale mkati mwa mtengo womwe akutchulawo.

Zina ndi zachidule koma musazidumphe. Rauta ndi yanu kapena yobwereka? Ndi yokhoma, yolola simu khadi ya kampani imodzi yokha? Data yotsala imawolokera mwezi winawo kapena imapsa? Mukasamuka nyumba, mgwirizano umakutsatani? Chikaonongeka amabwera pakatha masiku angati, ndipo amisiri awo ali pafupi kapena amachokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80? Masiku omwe intaneti inali yakufa amakuchotserani pa bilu?

6. Konzekerani magetsi ndi mphenzi

Foni yakale ija inkalira ngakhale magetsi atathima, chifukwa mphamvu inkabwera ndi waya womwewo kuchokera ku ekisichenji, malo olumikizira lamya a kampani. Zatsopanozi sizitero. Faiba, rauta, dishi, zonse zimafa magetsi akapita.

Mwayi wake rauta siidya zambiri, ndi mawati 10 kapena kucheperapo, ndipo zambiri zimayendera mavoti 12. Kabatire kakang'ono ka rauta kamaisunga maola angapo, ndipo amene ali ndi sola yowunikira m'nyumba akhoza kuilumikiza pomwepo, bola mmisiri aone kuti mavoti akugwirizana. Starlink ndiyo yadyera: dishi wamba imafuna mawati apakati pa 50 ndi 100, ndiye muwerengere batire lalikulu ndi inverter pa mtengo wake. Nyengo ya dzinja ikafika, chilichonse choimikidwa padenga chikhale ndi waya wopita pansi, ndipo kukayamba kugunda zulani mapulagi.

7. Dulani wakale pomaliza

Musatseke njira yakale yatsopano isanagwire bwino kwa sabata ziwiri. Mukakhutira, lembani kalata yothetsa mgwirizano, akudindireni kope lanu, lipirani bilu yomaliza ndipo musunge lisiti. Kungosiya kugwiritsa ntchito sikuimitsa bilu.

Kampani ikapanda kukwaniritsa zomwe inalemba, yambani kudandaula kwa iwo omwe, mutenge nambala ya dandaulo ndi tsiku lake. Akakunyalanyazani pitani ku MACRA, ndipo ngati nkhani ndi ya malonda onyenga, bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC limamvanso madandaulo a ogula. Kope lija munalembamo manambala a liwiro mupite nalo, pamodzi ndi zithunzi za pa foni zoonetsa tsiku ndi ola lomwe munayesa.