Bulawuza yanu ikhale ndi chani kuti muzilemba nawo pa wiki?

Kuwerenga wiki sikulira zambiri ayi, ngakhale Lynx, bulawuza ija yongoonetsa mawu popanda chithunzi nchimodzi chomwe, imatsegula Wikipedia bwinobwino. Nkhani imavuta mukafuna kulemba nawo.

Yambani ndi ma cookies. Mukalogina seva imasiya kachizindikiro mu bulawuza yanu koti izikudziwirani, ndiye ngati munawatseka mu settings muziona ngati mwalowa koma kungodina tsamba lina basi mwatulukanso, kapena mwalemba ndime zanu zonse mukuti museve iyo nkukuuzani kuti session yatayika. Atseguleni, olo pa wiki yokhayo.

Kenako HTTPS, njira yotetezeka yomwe bulawuza imalankhulirana ndi seva. Wikipedia inasamukira ku HTTPS yokhayokha mu 2015, ndipo kuyambira 2020 imafuna chitetezo cha mtundu watsopano, TLS 1.2 kupita mmwamba. Foni kapena kompyuta yakale kwambiri tsamba silitseguka nkomwe, imangoti connection siyotetezeka. Musanathamangire kuinena foni onani kaye deti ndi nthawi, zikalakwika uthenga umabwera wangati omwewo.

Chomwe ine ndimachiopa kwambiri ndi Unicode, njira yomwe makompyuta amasungira zilembo za zinenero zosiyanasiyana, chifukwa apa mumaononga ntchito ya anzanu osati yanu yokha. Mukadina Edit mawu onse a tsambalo amabwera mu bokosi lanu nkubwereranso ku seva mukaseva, ndiye bulawuza yosadziwa Unicode imatha kusandutsa zilembo za Chiarabu, Chirasha kapena ŵ wathuyu kukhala timabokosi ndi ma ??? mu ndime zoti simunazigwire nkomwe. Pitani pa Sandbox, tsamba loyeserera kulemba, lembani ŵ ndi é, dinani Preview muone ngati zatuluka momwemo.

JavaScript anthu amaiyesa yokakamiza, koma pa MediaWiki, pulogalamu yoyendetsa Wikipedia, ayi. VisualEditor, ija inabwera pa Wikipedia mu 2013 yolemba ngati muli mu Word, imeneyo ndiye siyenda popanda JavaScript. Koma bokosi la wikitext limagwirabe, mungophunzira kuti [[mawu]] ndi linki ndipo == mawu == ndi mutu. Opera Mini data saving yake ikakhala pa extreme tsamba limadzera kaye ku ma seva a Opera, mabatani ena amangofa, ndiye polemba chepetsani data saving kapena sinthani bulawuza.

Internet Explorer 11 isiyeni, eni ake a Microsoft anaisiya mu Juni 2022. Firefox, Chrome, Safari kapena Edge yoti mumaichita update ili ndi zonsezi kale. Koma olo zili choncho, mukalemba zambiri kopani kaye mawu anuwo musanadine Save, netiweki ikaduka pakati si nthawi zonse batani la Back limawabweza.