Kugula pikapu yakale pa okushoni: yesani ntchito yokonza musanatchule mtengo

Mapikapu awiri a Chevrolet C10 a chaka chimodzi, onse onyezimira, akhoza kugulitsidwa tsiku limodzi pa okushoni, ina n'kupita pa mtengo wowirikiza kawiri kapena katatu kuposa inzake. Chimene chawasiyanitsa sichioneka pa chithunzi. Chili pansi pa penti, pa chasisi ndi m'mapepala. Wogula amene sadziwa kuyang'ana malo atatu amenewa amalipira ndalama za galimoto yokonzedwa bwino koma n'kutenga yongopakidwa penti.

Dziwani kaye chimene msika umafuna

Malonda ambiri a mapikapu amenewa amachitikira ku America. Kampani ya Barrett-Jackson imachititsa okushoni yake yaikulu ku Scottsdale, Arizona, ya Mecum ku Kissimmee, Florida, zonse mu Januwale, pomwe Bring a Trailer imagulitsa pa intaneti chaka chonse. Mapikapu amene anthu amalimbirana ndi Chevrolet 3100 ya 1947 mpaka kumayambiriro kwa 1955, Cameo Carrier ya 1955 mpaka 1958, Ford F-100 ya 1953 mpaka 1956, C10 ya 1967 mpaka 1972 ndi Dodge Power Wagon. Pa mtundu uliwonse pali tizinthu tokweza mtengo. Pa 3100 ndi kebini ya mawindo asanu, yokhala ndi timagalasi ta m'makona kumbuyo. Pa F-100 ya 1956 ndi galasi lalikulu lakumbuyo. Pafupifupi pa onse, pikapu ya theka la tani ya bodi (ponyamulira katundu kumbuyo) yaifupi imadula kuposa ya bodi yaitali.

Palinso misika iwiri yosayenera kusakanizidwa. Wina ndi wa galimoto zobwezeretsedwa mmene zinatulukira kufakitale. Wina ndi wa ma restomod: maonekedwe akale, koma injini ndi ya masiku ano, monga LS ya General Motors kapena Coyote ya Ford, mabuleki atsopano, nthawi zina ndi chasisi chatsopano cha Roadster Shop kapena Art Morrison. Pa mapikapu, restomod yopangidwa mwaluso kawirikawiri imaposa mtengo wa galimoto yosasinthidwa, ndipo ma C10 ena otere adutsa $100,000. Mukatenga mtengo umenewo n'kuyezera C10 wamba ya injini ya masilinda sikisi, mwasokera musanayambe.

Kuwerenga mitengo ya malonda akale

Sonkhanitsani malonda osachepera asanu a miyezi 12 kapena 18 yapitayi: mtundu womwewo, zaka zomwezo, bodi yofanana, kakonzedwe kofanana. Chotsani wokwera kwambiri ndi wotsikitsitsa. Wokwera kwambiriyo nthawi zambiri ndi wa anthu awiri amene anapsetsana mtima pamaso pa makamera a wailesi yakanema, kapena wa galimoto yogulitsidwa pothandiza ntchito zachifundo, kumene anthu amapereka mowolowa manja.

Onetsetsani kuti galimotoyo inagulitsidwadi. Wogulitsa akaika reserve, ndiye kuti pali mtengo umene sangatsike, ndipo malamulo a nyumba zambiri za okushoni amalola woitanira malonda kukweza mtengo m'malo mwa wogulitsa mpaka kuyandikira pamenepo. Choncho mtengo womaliza kutchulidwa pa galimoto imene sinafike pa reserve si umboni wakuti panali munthu wa ndalama zimenezo. Onaninso ngati mtengo wosindikizidwa waphatikiza komishoni ya wogula. Wa pa Bring a Trailer suphatikiza, pomwe nyumba zina zimaphatikiza.

Hagerty, kampani ya inshuwalansi imene imasindikizanso mitengo ya magalimoto akale, imagawa galimoto m'magulu anayi: 1 ndi yopita kuchionetsero yopanda banga, 2 ndi yabwino kwambiri, 3 ndi yabwino yoyendera, 4 ndi yoyenda koma yotopa. Ogulitsa ambiri amati yawo ndi ya gulu 2. Zambiri zimene mudzaone ndi za gulu 3 zopukutidwa bwino.

Chitsulo

Apa ndi pofunika kutayapo nthawi, chifukwa injini mutha kusintha m'masiku ochepa koma kebini yowola imadya miyezi. Tengani tochi yowala, kagalasi ka ndodo, maginito ofooka okulunga m'kansalu ndi kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti. Fikani tsiku loonera magalimoto, malonda asanayambe, ndipo valani zovala zoti mugone nazo pansi.

Yambani ndi makona a pansi kumbuyo kwa kebini. Fumbi ndi madzi zimasonkhana mmenemo, dzimbiri n'kuyambira mkati kutulukira kunja. Pitani pa chitsulo cha pansi pa zitseko, pansi pa kebini poponda mapazi, m'munsi mwa zitseko zenizenizo, ngalande ya madzi ya padenga, m'munsi mwa galasi lakutsogolo, ndi kuseri kwa matayala akutsogolo kumene madigadi amasunga matope. Kenako gonani pansi muone zogwiriziza kebini pa chasisi. Zikawola, kebini imatsamira kutsogolo, ndipo chizindikiro chake ndi mzere wa bodi ndi wa kebini wosalunjikana, kapena chitseko chofuna kuchinyamula kuti chitsekeke.

Penti wa kufakitale amakhala wochindikala pafupifupi ma micron 100 mpaka 180 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Galimoto yopakidwanso imawerenga 250 mpaka 500, malinga ndi kuchuluka kwa primer (penti woyamba wa pansi), ndipo zimenezo si vuto. Vuto ndi kudumpha: chitseko chikuwerenga 350 pakati, koma m'munsi mwake chadutsa 1,000 kapena chipangizo chalephera kuwerenga n'komwe. Pamenepo pali filler wochindikala, phala louma lomatira mabowo ndi mopindika. Filler wopyapyala wosalaza pamene anawotcherera ali pa galimoto iliyonse yokonzedwa, ngakhale yodula. Koma wotseka bowo la dzimbiri amamwa chinyezi kuchokera kumbuyo, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri penti amatukusira matuza. Maginito amachita ntchito yomweyo mosalongosoka kwenikweni: akamakana kumata pamalo amene anamata bwino chapafupi, pali kanthu. Pa Cameo Carrier musadabwe akakana m'mbali mwa bodi, chifukwa mbali zimenezo ndi za fiberglass kuchokera kufakitale.

Yang'anani kuseri kwa chigamba chilichonse. Mmisiri wabwino amadula chitsulo chowola chonse, n'kulumikiza chatsopano mlomo ndi mlomo, n'kupala mpaka msoko usaoneke. Wothamanga amasanjika chigamba pamwamba pa chowolacho. Pakati pa zitsulo ziwirizo pamatsala mpata wosunga madzi, ndipo dzimbiri limayambiranso pomwepo. Phula lakuda latsopano lopopera pansi pa galimoto yonse, mpaka pa mabauti ndi mapaipi a mabuleki, ndi chifukwa chokwanira kuchotsera mtengo, chifukwa wokonza bwino safuna kubisa ntchito yake.

Wogulitsa akanena kuti ndi frame-off, akutanthauza kuti kebini ndi bodi zinachotsedwa pa chasisi. Umboni wake uli pamwamba pa chasisi, pamene dzanja silifika kebini ili pomwepo. Lowetsani kagalasi. Pamwambapo pakakhala dzimbiri ndi matope akale pomwe m'mbali muli penti wakuda wonyezimira, chasisicho anangochipaka ndi bulashi. Malabala a pakati pa kebini ndi chasisi akhale atsopano. Penti wodonthera pa malabala a zitseko, pa mawaya kapena m'mphepete mwa galasi akusonyeza kuti sanamasule kanthu popaka, anangomata tepi.

Mipata ya zitseko isakutayitseni galimoto yabwino. Mapikapu amenewa anali a ntchito, ndipo kufakitale sankawayeza ngati galimoto zapamwamba. Matabwa a m'bodi nawonso: Chevrolet inkaika paini wopaka penti, osati oak wa vanishi amene mumaona masiku ano. Oak amakongola, koma pa galimoto imene ikutchedwa yosasinthidwa, woweruza pa chionetsero adzachotsera mapointi.

Manambala ndi mapepala

VIN, nambala yozindikiritsa galimoto, ya zilembo ndi manambala 17 inayamba mu 1981, kotero pikapu yakale imakhala ndi nambala yaifupi pa kachitsulo ka pa mphuthu ya chitseko kapena pa chitseko penipenipo. Iyenera kufanana ndi ya pa title, chikalata cha umwini, chilembo ndi chilembo. M'zigawo zina za America magalimoto a zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ankalembetsedwa ndi nambala ya injini, ndiye injini ikasinthidwa, pepala ndi galimoto zimasemphana. Funsani zimenezi musanagule, chifukwa kukonza pepala lotere kumatenga nthawi ndipo nthawi zina kumakanika. Kachitsulo ka VIN komangidwa ndi maliveti atsopano kapena kopindika m'makona kakufuna kufotokozedwa.

Pa C10 ya 1967 mpaka 1972 pali chinyengo chodziwika: kufupikitsa. Ya bodi yaifupi ili ndi mainchesi 115 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, yaitali 127. Anthu amadula mainchesi 12 pa chasisi kuseri kwa kebini ndi ena pafupifupi 8 kumchira, n'kuikapo bodi yaifupi. Ntchitoyi ikachitidwa bwino, ndi chitsulo cholimbitsira mkati mwa msoko, galimoto imayenda popanda vuto, koma si ya mtengo wa yaifupi yeniyeni. Tsegulani kabokosi ka padashibodi muwerenge kapepala ka kufakitale kotchedwa SPID. Nambala ya mtundu yothera 10734 ndi Fleetside (ya bodi yosalala m'mbali) yaifupi, 10934 ndi yaitali. Kapepalako kamalembanso penti ndi zipangizo zimene galimoto inatuluka nazo. Poti timapepala totere timasindikizidwanso masiku ano, fufuzaninso msoko pa chasisi pansi pa kumbuyo kwa kebini.

Mita ya mtunda ya manambala asanu imabwerera pa ziro ikadutsa mamailosi 99,999. Popanda malisiti otsatana zaka, nambala imene ikuonekayo musailipirire kanthu. Chofunika kwambiri ndi faelo ya ntchito yokonza: zithunzi za kebini ili chitsulo chokhachokha isanapakidwe kanthu, malisiti a ku shopu yokonza injini, dzina la penti ndi chaka chimene anapaka. Ntchito ya zaka 15 zapitazo imene penti wake sanatukusire yadziikira umboni yokha. Ya miyezi itatu sinayesedwe ndi mvula.

Injini, mabuleki ndi zina zoyenda

Pemphani kuti alize injini ili yozizira, ndipo igwireni kaye kuti mutsimikize. Utsi wabuluu poyamba n'kutha ndi masili a mavalavu, wosatha ndi maling'i a mapisitoni. Ngati alola kuyeza compression (mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda), masilinda asasiyane kuposa 10 peresenti. Injini yotchedwa 216 ya mu 3100 imaonetsa mphamvu ya oyilo yochepa mwachibadwa, chifukwa mbali ina imangomwaziridwa oyilo. Ya 235 ya kuyambira 1954 ndi imene imapopera oyilo paliponse, n'chifukwa chake eni ambiri anachotsa 216 n'kuikamo 235. Poyendera ndi phindu, koma galimotoyo isagulitsidwe ngati ya injini yake yoyamba.

Mapikapu a zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960 ali ndi master cylinder (pampu ya mabuleki) ya njira imodzi: paipi imodzi ikaphulika, mabuleki onse atha. Thanki ya mafuta pa Chevrolet inali m'kebini kuseri kwa mpando kuyambira 1949 mpaka 1972, ndiye fungo la petulo mkatimo likutanthauza paipi yothirira kapena gasiketi yotha. Pa tayala werengani manambala anayi omaliza a mzere woyamba ndi zilembo DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Matayala a zaka khumi ndi oti asinthidwe ngakhale mano ake ali athunthu.

Pa restomod, luso limaonekera pa mawaya ndi pa misoko ya chasisi. Suzumirani pansi pa dashibodi. Mawaya opotana omata tepi yakuda, opanda bokosi la mafyuzi lolongosoka, akukuuzani mmene zina zonse zinachitidwira. Ngati anaikamo miyendo yakutsogolo ya galimoto ina, monga Ford Mustang II, kapena Ford Crown Victoria pa F-100, onani ngati tayala lakhala pakati pa madigadi ndiponso ngati silikukhula mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto.

Kuika malire a ndalama

Galimoto ya pa okushoni imagulitsidwa mmene ilili, nyundo ikagunda yakhala yanu pamodzi ndi mavuto ake. Barrett-Jackson ndi Mecum amawonjezera komishoni ya pafupifupi 10 peresenti kwa wogula amene ali pamalopo, ndipo imakwera pang'ono kwa wogula pafoni kapena pa intaneti. Bring a Trailer imatenga 5 peresenti yokhala ndi malire. Werengani malamulo a tsikulo chifukwa amasintha.

Werengerani chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti malonda ofanana akusonyeza kuti galimotoyo, mu gulu limene mwaiika inuyo, ndi ya $40,000. Chotsani $1,500 yonyamulira, ndi $3,000 ya matayala, mabuleki ndi zina zimene mwaona. Yatsala $35,500. Gawani ndi 1.10 chifukwa cha komishoni, mupeza pafupifupi $32,270. Ndiye dzanja lanu litsike pa $32,000, ndipo ngati kumene mukalembetse kuli msonkho wogulira, litsike msanga kuposa apo. Lembani nambalayo papepala musanalowe mu holo.

Ena amaganiza zogula yowola motchipa kuti akonze okha. Ntchito ya frame-off yeniyeni imatha kudya maola 1,000. Shopu ikamalipiritsa, mwachitsanzo, $100 pa ola, imeneyo ndi $100,000 musanagule chipangizo ngakhale chimodzi, pa galimoto imene mwina idzagulitsidwa theka la ndalamazo. N'chifukwa chake pikapu yokonzedwa kale bwino, yokhala ndi zithunzi ndi malisiti, ndi imene imatuluka yotchipa ngakhale mtengo wake pa okushoni uli wokwera. Ngati simungafike kukaiona nokha, lipirani makaniko wodziwa mtundu umenewo, wosagwirizana ndi wogulitsa, ndipo mumutumizire mndandanda wa malo oti ajambule: makona a kebini mkati ndi kunja, pamwamba pa chasisi, kachitsulo ka VIN, SPID, ndi vidiyo ya injini ikulizidwa yozizira.