Momwe mungamangire nyumba yanu yoyamba kuno ku Mulanje ndi Thyolo opanda kontilakita

Ambirife kuno sitilemba kontilakita, timangopeza bilidala wa pafupi, kugula simenti malipiro akatuluka kapena banki m'khonde ikagawa, nyumba nkumakwera pang'onopang'ono. Palibe cholakwika, koma dziwani kuti mukatero folomani ndinu, wogula katundu ndinu, wosunga buku ndinunso. Tayendani ku Chitakale, Luchenza kapena Bvumbwe muone nyumba zomwe zinaima pa windo, udzu utamera pabalaza, njerwa zitachita ndere. Eni ake ambiri ndalama anali nazo ndithu, kungoti anayamba ndi zomalizira, mvula nkuwapeza alibe denga.

Choyamba: malowo ndi anudi?

Kuno malo ambiri amayenda ku chikazi, Alhomwe ndi Amang'anja tonse nkhani yake ndi imodzi. Ngati ndinu mkamwini ndipo mukufuna kumanga ya malata kwa akazi anu, khalani pansi ndi mkazi wanuyo komanso amalume ake mugwirizane poyera kuti nyumbayo ndi ya ndani zinthu zikadzasintha. Sikuti mukulosera zoipa ayi, koma milandu ya mtunduwu ndiyo imadzadza pabwalo la amfumu.

Ngati mukugula, musalipire munthu m'modzi kuseri kwa golosale. Abwere ndi abale ake, amfumu akhalepo, oyandikana nawo malire akhaleponso, muyende malire onse ndi mapazi, mulembe kalata aliyense asayine kapena adinde chala. Malo ku Thyolo ndi Mulanje ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu ndi minda ya tiyi, ndiye kugulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri sizachilendo. Fufuzaninso kuti simukulowa m'malire a esiteti, a nkhalango ya boma kapena a msewu. Lamulo la Customary Land Act la 2016 limalola kulembetsa malo a makolo, pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo akuuzeni poyambira. Mukamamanga pa boma kapena mu Luchenza, pulani imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo musanakumbe.

Kenako funsani za madzi, apa ndiye musathamange. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anationetsa kuti nyumba yokongola ya simenti imapita ngati yakhala panjira ya madzi. Kaoneni pulotiyo mvula ikugwa, osati mu Okutobala pomwe paliponse pamaoneka pabwino. Funsani agogo a pamudzipo kuti napolo anadutsapo liti ndipo anadzera pati. Mukaona miyala ikuluikulu yosalala itamwazikana m'munda wa kumunsi kwa phiri, dzifunseni kuti inabwera ndi chani. Mphepete mwa Ruo, Likhubula ndi Thuchila musatengeke ndi kutchipa. Kumapiri ngati ku Thekerani, pewani kudula chitunda nkumanga khoma litatsamira dothi lodulidwalo. Onaninso ngati lole ingafike pamalopo, katondo wa kuno akanyowa amaterera zedi ndipo kusenzetsa anthu mchenga pamutu kuchokera kumsewu ndi ndalama ina.

Chachiwiri: pulani yaing'ono, bajeti ya katundu

Jambulitsani nyumba yomwe mungaimalize, zipinda ziwiri kapena zitatu ndi balaza, koma wojambulayo asiye mbali yodzawonjezera mtsogolo. Denga la makona ambirimbiri lija mukuliona pa Facebook limadya matabwa ndi malata, komanso ndi lomwe limadontha.

Muuzeni akulembereni mndandanda wa katundu gawo ndi gawo, maziko matumba angati, khoma angati, denga malata angati. Bajeti yanu ikhale m'matumba ndi m'malole osati m'makwacha okha, mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti mitengo ya mu hadiweya inasintha sabata yomweyo. Pali zina zomwe aliyense amaiwala kulemba: thiransipoti, amayi otunga madzi, mlonda, nsima ya amisiri ngati mwagwirizana choncho, misomali, waya, ndi chimbudzi. Chimbudzicho kumbani koyambirira, amisiri azipita kuti?

Chachitatu: werengani miyezi chobwerera

Cholinga ndi chakuti denga likhale litakhomedwa mvula ya Novembala isanayambe. Ndiye njerwa muumbe mvula ikangosiya, koma kumbukirani kuti kuno kuli chiperoni, mu Juni ndi Julayi mvula yowaza ija imatha kukhala masiku osakata ndipo njerwa zosawotcha zimasungunuka. Khalani ndi pulasitiki kapena udzu wofunditsira pafupi. Uvuni ukapsa, njerwa za m'mphepete zambiri zimakhala zosapsa bwino, gogodani ziwiri, yabwino imalira ngwee, yosapsa imangoti phu. Umbani zochulukirapo kuposa zomwe zalembedwa.

Nkhuni zikuvuta masiku ano, ndipo kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, ndiye ambiri akupita ku mabuloko a simenti. Amathamanga pomanga, koma gulani omwe akhala akuthiriridwa madzi ndipo aumadi, bulokoyo mukaikanda ndi msomali nkumayoyoka isiyeni.

Simenti musagule yambiri nthawi imodzi. Chinyezi cha kuno chimaiumitsa m'thumba momwemo, ikani pa matabwa kutali ndi khoma ndipo isakhale miyezi. Ngati mwapeza ndalama yambiri pakamodzi, bwino mugule malata, mafelemu ndi zitsulo, izi sizionongeka msanga.

Ndalama ikakhala yosakwana kufika padenga chaka chino, imani pa silabu, konkire ya pansi pa nyumba ija. Silabu imapirira dzinja, khoma lopanda denga silipirira.

Chachinayi: bilidala

Musamulembe chifukwa mumapemphera mpingo umodzi. Akuonetseni nyumba yomwe anamanga zaka zingapo zapitazo, muone ngati ili ndi ming'alu pamwamba pa mawindo, mucheze ndi mwini wake iye palibe. Mukagwirizana, lembani mtengo wa gawo lililonse padera, maziko, kufika pa windo, ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma), denga, pulasitala, ndipo muzilipira gawo likatha inu mutaliona ndi maso. Adivansi ikhale yochepa. Nkhani za "bwana mwana wadwala, tandiwonjezerani" zibwera ndithu, thandizani ngati mungathe koma lembani m'buku asayine.

Katundu gulani nokha. Madzulo aliwonse werengani matumba opanda kanthu, agwirizane ndi omwe munatulutsa m'mawa. Inu muli ku Joni kapena ku Blantyre ndipo akuyang'anira ndi m'bale wanu? Zithunzi za pa WhatsApp sizikwanira, ena anatumiziridwapo nyumba ya eni ake. Imbani vidiyo, ayende kuchokera pamsewu mpaka pa nyumbayo, ndipo ndalama ya katundu tumizani ku shopu mwachindunji pa Airtel Money kapena Mpamba.

Chachisanu: tsiku la maziko mukhalepo

Masiku ena mutha kujomba, ili ayi, chifukwa zomwe zakwiriridwa simudzazionanso. Akakhoma zikhomo ndi kukoka zingwe, tengani tepi muyeze kuchokera kona ina kupita kona yopingasa, kenako mbali inayo, miyezo iwiriyo ifanane. Ikasiyana nyumba yapendama ndipo kalipentala adzavutika nayo padenga. Akumbe mpaka apeze dothi lolimba, pamalo otsetsereka maziko atsike ngati masitepe osati kutsatira chitunda. Thirani mankhwala a chiswe, ikani pulasitiki yakuda ija ya DPC kuti chinyezi chisakwere khoma, ndipo pansi pa nyumba pakwere bwino kuchokera pa bwalo.

Mchenga ukhale wa kumtsinje wopanda dothi, finyani wonyowa m'manja, ukasiya matope m'chikhatho si wabwino. Pomanga khoma ambiri amasakaniza thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi mawilibala atatu a mchenga, mukaona wachinayi ndi wachisanu akulowa funsani simenti inayo ikupita kuti. Konkire ithiriridwe madzi masiku osachepera 7, ntchito yotopetsa yomwe amisiri amakonda kuizemba, ipatseni munthu wanuwanu.

Chachisanu ndi chimodzi: khoma ndi denga

Waya wolimbitsa khoma uja wa brickforce alowe m'mizere ya njerwa monga pulani yanenera, ndipo ring beam izungulire nyumba yonse, osangoika malintala pamwamba pa zitseko pokha. Pothira ring beam yomweyo amizemo waya kapena zitsulo zodzamangira mitengo ya denga, mphepo yotsika m'phiri imasasula denga lomwe langogwidwa ndi misomali. Malata onani geji, 28 ndi yokhuthala kuposa 32, nambala ikamakwera lata likupyapyala. Denga lituluke kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma, ndipo kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba madzi azilambalala.

Matabwa a paini kapena bulugama wouma bwino ndi okwanira, apakeni mankhwala. Wina akakunong'onezani za mkungudza wa m'phiri la Mulanje mukaneni, ndi mtengo wotetezedwa womwe watsala pang'ono kutha ndipo a zankhalango akakupezani nawo ndi mlandu.

Chomaliza: lowani isanathe

Denga, zitseko, mawindo, chimbudzi, chipinda chimodzi chopaka pulasitala, basi samukani, ndalama ya lendi ija iyambe kugula simenti. Musanapake pulasitala zipinda zinazo, wamagetsi wa ziphaso aike kaye mapaipi a mawaya m'khoma ngakhale magetsi sanafike kwanuko, kusiyana ndi kudzaswa khoma lopenta kale. Fomu ya ESCOM lembani msanga chifukwa kudikira kumakhalapo, chimodzimodzi ya madzi ku Southern Region Water Board ngati mapaipi awo akudutsa pafupi. Ndalama yomaliza ya kalipentala igwireni kaye mpaka mvula yoyamba yamphamvu itagwa, mukwere ndi tochi muone podontha, abwere akonze ndiye alandire.